Nambala, dzina ndi bwalo: mmene matimu a mpira a ku Belgium amaphatikizidwira, kufa ndi kudzukanso

Pa chizindikiro cha timu ya Royal Antwerp, ya mumzinda wa doko wa Antwerp ku Belgium, pali nambala 1. Mlendo angaganize kuti nambalayo ndi yodzitamandira chabe, monga mmene ochemerera timu iliyonse amanenera kuti yawo ndiyo patsogolo, koma si choncho ayi. Imeneyi ndi nambala ya m'kaundula wa bungwe loyendetsa mpira wamiyendo m'dzikolo, imene olankhula Chifalansa amaitcha matricule pomwe olankhula Chidatchi amati stamnummer, ndipo timu iliyonse yolembetsedwa, kuyambira ya akatswiri mpaka ya kumudzi, ili ndi yakeyake. Amene sadaimvetse nambalayi sangaitsate mbiri ya mpira wa ku Belgium, chifukwa m'dzikoli matimu aphatikizidwa, atha ndi ngongole, asamuka ndi kusintha mayina kambirimbiri, moti dzina lokha silingakutsimikizireni kuti timu imene ikusewera lero ndi yomwe ija agogo a ochemerera ake ankaionera. Dzina, bwalo, ochemerera ndi nambala ndi zinthu zimene kwina zimayendera limodzi, koma ku Belgium zimatha kupatukana, china kulowera uku china uko, n'kudzakumananso patapita zaka makumi awiri.

Mpira udafika m'dzikoli ndi Angerezi amene ankachita malonda m'madoko ndi m'mafakitale, komanso kudzera m'sukulu za ana a anthu ochita bwino. Antwerp idayamba mu 1880, bungwe loyendetsa masewero lidakhazikitsidwa mu 1895, ndipo ligi yoyamba idaseweredwa kuyambira chaka chomwecho ndi matimu 7 okha. Akatswiri oyamba adali FC Liégeois a mumzinda wa Liège, koma zaka zotsatira zidali za matimu a ku Brussels. Racing Club de Bruxelles idatenga ligi ka 6 pofika 1908, Union Saint-Gilloise idatenga ka 11 pofika 1935, ndipo Daring Club de Bruxelles idatenga kasanu, komaliza mu 1937. Anderlecht, imene lero ili ndi zikho za ligi 34, idayamba mu 1908 ndipo sidalaweko ukatswiri mpaka 1947. Masiku amenewo mpira udali m'manja mwa anthu olankhula Chifalansa ngakhale m'chigawo cha Flanders kumene anthu wamba amalankhula Chidatchi, n'chifukwa chake timu ya ku Gent inkatchedwa La Gantoise, ya ku Mechelen inkatchedwa FC Malinois, ndipo ya ku Brugge inkatchedwa FC Brugeois. Mayina a KV Mechelen, KAA Gent ndi Club Brugge adakhazikika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970. Chilembo cha R kapena K chimene chili kutsogolo kwa mayina ambiri chimaimira ulemu wachifumu umene nyumba ya mfumu imapereka kwa matimu amene akhala zaka zambiri.

Chimene chidachulukitsa matimu mopitirira muyeso ndi mmene anthu a ku Belgium adagawikirana. Kuwonjezera pa chilankhulo, padalinso kugawikana pa chipembedzo ndi ndale: Akatolika adali ndi sukulu zawo, nyuzipepala zawo, mabungwe awo a ogwira ntchito ndi magulu awo a achinyamata, osafuna kutsogoleredwa ndi mpingo adalinso ndi zawo, chimodzimodzinso otsatira sosholizimu. Mpira nawo udatsata mizere yomweyo. Cercle Brugge idayambitsidwa mu 1899 ndi anthu amene adaphunzira pa sukulu ina ya Katolika, mumzinda umene udali kale ndi FC Brugeois. Ku Mechelen matimu awiri adabadwa chaka chimodzi cha 1904, FC Malinois ya mbali ya Akatolika ndi Racing ya mbali inayo. Tauni yaing'ono ya Lier idali ndi Lierse ndi Lyra, ndipo Oostende idali ndi AS ndi VG. Pamene osewera ankasewera mpira ataweruka kuntchito, zimenezi sizidali vuto, ndipo masewero a matimu a mzinda umodzi ndiwo ankadzadza mabwalo. Zinthu zidasintha malipiro a osewera atayamba kukwera, makamaka kuchokera mu 1974 pamene matimu a mu ligi yaikulu adakhazikitsa bungwe lawo la mpira wolipidwa. Tauni imene ili ndi fakitale imodzi yotha kuthandiza mpira, ndi khonsolo imodzi yosamalira mabwalo, sikadatha kudyetsa matimu awiri a akatswiri.

Manambala adayamba mu Disembala 1926, pamene bungwe loyendetsa mpira lidasindikiza mndandanda wa matimu onse motsata ukale wawo. Antwerp idalandira 1, Daring 2, FC Brugeois 3, FC Liégeois 4, Racing ya ku Brussels 6, La Gantoise 7, Union 10, Cercle 12, Beerschot 13, Standard Liège 16, FC Malinois 25 ndipo Anderlecht 35. Pamaso pa bungwe, timu ndi nambalayo basi. Malo mu ligi amamangiriridwa ku nambala, zikho zimene timu idapata zimalembedwa pa nambala, ndipo ngongole zimene bungwe limazidziwa zimatsata nambala. Atsogoleri angasinthe dzina, mtundu wa yunifomu ngakhalenso bwalo, timuyo n'kukhalabe yomweyo m'kaundula. Koma timu ikathetsedwa, nambala yake imafafanizidwa, ndipo ofuna kuyambiranso amalandira nambala yatsopano, yaikulu kwambiri, n'kukayambira pansi penipeni m'maligi a m'zigawo, kumene kubwerera ku ligi yaikulu kumatenga zaka zambiri ngakhale timu itamakwera chaka ndi chaka. Pamenepa mpamene pagona nkhani yonse, chifukwa nambala yokhala ndi malo mu ligi yapamwamba imasanduka katundu wogulitsika.

Chaka cha 1964 chisadafike, matimu awiri akaphatikizana mwalamulo manambala onse awiri ankafa, timu yatsopanoyo n'kulandira ina. Kuchokera chaka chimenecho, timu yophatikizidwa imasunga nambala imodzi ndipo inayo imafafanizidwa pamodzi ndi mbiri yake. Atsogoleri a matimu adaphunzira msanga kuzemba malamulowa. Mu 1963, Racing Club de Bruxelles itafooka n'kuganiza zolowana ndi White Star, ya nambala 47, atsogoleri ake sadafune kuti nambala 6 ife, choncho adayamba asinthana manambala ndi timu yaing'ono ya ku Sint-Genesius-Rode, kummwera kwa Brussels. Zotsatira zake n'zakuti, polemba m'kaundula, mbiri ya timu imene idatenga ligi ka 6 ili m'manja mwa timu yaing'ono ya m'maligi apansi, pomwe osewera ndi atsogoleri a Racing adalowa mu White Star popanda kuphatikizana mwalamulo, n'kupitiriza ndi nambala 47 pansi pa dzina la Racing White.

Racing White idali timu yabwino pabwalo koma yopanda anthu, chifukwa inkasewera ku Woluwe, dera la anthu ochita bwino kumene mpira sudali wokondedwa kwambiri. Daring, imene inkasewera ku Molenbeek, dera la ogwira ntchito m'mafakitale, idali ndi bwalo ndi ochemerera ambiri koma idali itatsikira m'gawo lachiwiri. Mu 1973 ziwirizi zidaphatikizana n'kukhala Racing White Daring Molenbeek, mwachidule RWDM. Popeza malo mu ligi yaikulu adali pa nambala 47, imeneyo ndiyo idasungidwa, ndipo nambala 2, yachiwiri pa ukale m'dziko lonse, idafafanizidwa pamodzi ndi zikho zisanu za Daring. Poyamba zidaoneka ngati nzeru zenizeni. RWDM idatenga ligi mu 1975, wosewera wake wapakati Johan Boskamp wa ku Netherlands adasankhidwa kukhala wosewera wopambana onse chaka chimenecho, ndipo mu 1977 timuyi idafika m'ndime ya matimu anayi omaliza mu UEFA Cup, kumene idatulutsidwa ndi Athletic Bilbao osagonja, italepherana nayo 1-1 pakhomo ndi 0-0 koyenda, chifukwa lamulo la nthawiyo linkapititsa timu imene yagoletsa zigoli zambiri koyenda. Koma Anderlecht ili pafupi kwambiri ndi Molenbeek, ndipo zaka zomwezo inkatenga zikho za ku Ulaya, Cup Winners' Cup mu 1976 ndi 1978 kenako UEFA Cup mu 1983. Ndalama ndi ochemerera atsopano zidalowera kumeneko, RWDM idayamba kutsika ndi kukwera, ndipo mu 2002 idathetsedwa chifukwa cha ngongole. Nambala 47 nayo idafa.

Bwalo la RWDM ku Molenbeek, lotchedwa Edmond Machtens, silidakhale lopanda timu nthawi yaitali. KFC Strombeek, timu ya kunja pang'ono kwa Brussels, idasamukira kumeneko n'kudzitcha FC Brussels, ndipo ngakhale idafika mu ligi yaikulu, anthu ambiri a ku Molenbeek sadailandire ndi mtima wonse. Idayesa kudzitcha RWDM Brussels mu 2013 koma chaka chotsatira idatha. Mu 2015 gulu lina lidagula nambala 5479 ya Standaard Wetteren, timu ya m'tauni ya kufupi ndi Gent imene idalibe ubale uliwonse ndi Brussels, n'kuibweretsa ku Molenbeek ndi dzina la RWDM, mitundu yakale ndi chizindikiro chakale. Ochemerera adabwerera, ndipo timuyo idakwera mpaka kufika mu ligi yaikulu mu 2023.

Kuphatikizana kumene kudayenda bwino koposa konse ndi kwa ku Genk, ndipo m'poyenera kuimapo pang'ono chifukwa n'kosiyana ndi kwina. Genk ndi tauni ya migodi ya malasha m'chigawo cha Limburg, imene idakula ndi anthu obwera kudzagwira ntchito kuchokera ku Poland, Italy, Turkey ndi maiko ena. Mgodi uliwonse udali ndi midzi yake ya ogwira ntchito, ndipo iwiri mwa midziyo idali ndi matimu a mu ligi yaikulu: Winterslag, yovala zofiira ndi zakuda, ya nambala 322, ndi Thor Waterschei, yovala zachikasu ndi zakuda, ya nambala 553. Matimuwa ankadana kwambiri koma onse adachitapo zazikulu. Winterslag idatulutsa Arsenal mu UEFA Cup mu 1981. Waterschei idatenga chikho cha Belgium mu 1980 ndi 1982, ndipo mu 1983 idatulutsa Paris Saint-Germain n'kufika m'ndime ya matimu anayi omaliza mu Cup Winners' Cup, kumene idagonja kwa Aberdeen ya Alex Ferguson. Kenako mavuto adabwera motsatizana. Mu 1984 zidaululika kuti pa masewero otsiriza a ligi ya 1982, anthu a Standard Liège adapereka ndalama kwa osewera a Waterschei kuti asalimbike, nkhani imene idakhudza mphunzitsi wa Standard, Raymond Goethals, ndi kaputeni wake Eric Gerets. Osewera angapo adaletsedwa kusewera ndipo Waterschei idatsika posakhalitsa. Mgodi wa Waterschei udatsekedwa mu 1987, wa Winterslag mu 1988.

M'chaka chomwecho cha 1988 matimu awiriwa adaphatikizana n'kukhala KRC Genk. Nambala idasungidwa ya Winterslag, imene idali mu ligi yaikulu, koma timu idakakhazikika pabwalo la ku Waterschei, ndipo mitundu idasankhidwa ya buluu ndi yoyera, imene sidali ya mbali iliyonse. Dzina nalo lidali la tauni yonse, osati mayina awiri omatidwa pamodzi. Chiyambi chidali chowawa, popeza timuyi idatsika m'chaka chake choyamba, ndipo achikulire ena a mbali zonse ziwiri sadapondenso kubwalo. Koma patatha zaka khumi idatenga chikho cha Belgium mu 1998, ligi mu 1999 pansi pa mphunzitsi Aimé Anthuenis, ndi liginso mu 2002, 2011 ndi 2019. Sukulu yake ya mpira idatulutsa Kevin De Bruyne, Thibaut Courtois ndi Leandro Trossard, ndipo osewera a ku Africa monga Kalidou Koulibaly, Wilfred Ndidi ndi Mbwana Samatta wa ku Tanzania adadzera pomwepo popita ku maligi aakulu. Maganizo anga ndi akuti Genk idatheka chifukwa palibe mbali imene idameza inzake. Onse adali atataya chimene chinkawasiyanitsa, chomwe ndi migodi, onse adasiya dzina ndi mitundu yawo, ndipo ana obadwa migodi itatsekedwa adakula osadziwa timu ina koma Genk.

Mafunde aakulu a kutha kwa matimu adabwera m'zaka za m'ma 1990, ndipo adayambira pa mkangano wa wosewera mmodzi ndi timu ya nambala 4. Kontirakiti ya Jean-Marc Bosman ndi RFC Liège itatha mu 1990, iye adafuna kupita ku Dunkerque ya ku France, koma malamulo a nthawiyo ankalola timu kufuna ndalama ngakhale pa wosewera amene kontirakiti yake yatha, ndipo ulendowo udalephereka. Bosman adakasuma, ndipo pa 15 Disembala 1995 khoti la European Union lidagamula kuti wosewera wotere ali ndi ufulu wopita kumene akufuna popanda malipiro, komanso kuti maligi a m'maiko a mgwirizanowo asaike malire pa osewera ochokera m'maiko anzawo. Matimu a ku Belgium ankakhalira kulera osewera ndi kuwagulitsa, ndipo ndalama za pa wailesi ya kanema zimene msika wawo waung'ono, wogawikanso pa zilankhulo, ungapereke sizikadafanana ndi za ku England, Italy, Spain kapena Germany. Chikho cha Cup Winners' Cup chimene KV Mechelen idatenga mu 1988 pogonjetsa Ajax, ndi ndime yomaliza ya chikho chomwecho imene Antwerp idagonja kwa Parma mu 1993, zidakhala mathero a nyengo imene matimu a ku Belgium ankaopedwa ku Ulaya. Komabe kuloza chala Bosman yekha n'kulakwa. Matimu ambiri ankadalira munthu mmodzi wachuma, ankalipira osewera mwamseri ndipo adali ndi ngongole za msonkho, zinthu zimene zidaonekera poyera bungwe litayamba kufuna kuti timu iliyonse ya akatswiri izilandira chiphaso chaka ndi chaka itaonetsa mabuku ake a ndalama. Seraing idamezedwa ndi Standard mu 1996, KSV Waregem idatha mu 2001, RWDM mu 2002, Lommel mu 2003.

Nkhani ya Beerschot ndiyo imaonetsa bwino kwambiri mtundu wa kuphatikizana umene udafala m'nyengo imeneyi, umene kwenikweni si kuphatikizana koma kusamutsa nambala. Beerschot, ya yunifomu yapepo, idatenga ligi ka 7 pakati pa 1922 ndi 1939, ndipo inkasewera ku Kiel, kummwera kwa Antwerp, pabwalo limene lidachitikira masewero a Olympics a 1920. Mu 1999 idathetsedwa ndipo nambala 13 idafafanizidwa. Kumpoto kwa mzinda womwewo kudali Germinal Ekeren, ya nambala 3530, timu yoyendetsedwa bwino imene idagonjetsa Anderlecht n'kutenga chikho cha Belgium mu 1997, koma bwalo lake lidali lopanikizika pakati pa nyumba za anthu ndipo ochemerera ake adali ochepa. Germinal idasamukira ku Kiel n'kudzitcha Germinal Beerschot, ndipo Ajax ya ku Amsterdam idalowetsamo ndalama n'cholinga chotengako achinyamata aluso. Thomas Vermaelen, Jan Vertonghen ndi Toby Alderweireld adadzera njira imeneyi. Chimene chidachitika ku Kiel n'chofanana ndi chikamwini: Germinal ndiyo idachoka kwawo kukamanga kwa eni mudzi, ndiyo inkalima ndi kudyetsa banja, koma ana, amene ndi ochemerera, adali a eni mudzi, ndipo sadasiye kudzitcha a Beerschot. Timuyi idatenga chikho mu 2005, koma mu 2011 dzina la Germinal lidachotsedwa, ndipo mu 2013 idathetsedwa ndi ngongole. Anthu a ku Ekeren adatsala opanda dzina, opanda nambala.

Ochemerera a ku Kiel adapezanso timu ina, KFCO Wilrijk ya nambala 155, imene idatenga dzina la Beerschot Wilrijk n'kuyamba kusewera mu ligi ya m'chigawo pamaso pa anthu masauzande ambiri, chinthu chosaoneka m'maligi apansi chotero. Idakwera motsatizana, idapeza ndalama kwa kalonga wa ku Saudi Arabia, Abdullah bin Mosaad, amene adalinso mwini wa Sheffield United, ndipo mu 2020 idafika mu ligi yaikulu. Choseketsa, kapena chopweteka kwa a ku Kiel, n'chakuti Alderweireld, amene adaleredwa kwawoko, ndiye adagoletsa chigoli cha m'mphindi zotsiriza ku Genk mu 2023 chimene chidapatsa adani awo, Royal Antwerp, ligi yoyamba chitengereni mu 1957.

Njira yomweyi idabwerezedwa m'matauni ambiri. KSV Waregem, imene idafika m'ndime ya matimu anayi omaliza mu UEFA Cup mu 1986, idalowedwa m'malo ndi Zultse VV ya m'tauni yoyandikana nayo, ndipo Zulte Waregem idachita bwino mosayembekezereka pansi pa mphunzitsi Francky Dury, amene adali wapolisi, potenga chikho mu 2006 ndi 2017. Excelsior Mouscron idatha kumapeto kwa 2009, Péruwelz idasamukira pabwalo lake, ndipo nayo idatha mu 2022. Lierse, imene idameza Lyra mu 1972 ochemerera a Lyra n'kuyambitsa yawo ina nthawi yomweyo, idatenga ligi mu 1997 koma idathetsedwa mu 2018 ili m'manja mwa wamalonda wa ku Egypt, Maged Samy. Lokeren idatha mu 2020. KV Oostende, imene idabadwa mu 1981 pophatikiza AS ndi VG, ndiyo timu imene Fashion Sakala wa ku Zambia adasewerako kuyambira 2018 mpaka 2021 asadapite ku Rangers, ndipo idatha mu 2024.

Ku Beveren zinthu zidavuta mwanjira ina. Timu ya m'tauni yaing'onoyi idatenga ligi mu 1979 ndi 1984, idalera goloboyi Jean-Marie Pfaff, ndipo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 idadziwika chifukwa cha osewera ambiri a ku Côte d'Ivoire amene Jean-Marc Guillou adabweretsa, monga Yaya Touré, Emmanuel Eboué ndi Gervinho. Mu 2010 timu ya amuna idasiya kusewera, Red Star Waasland idalowa pabwalo lake la Freethiel n'kudzitcha Waasland-Beveren, koma gulu la ochemerera lidakana kuizindikira ndipo lidayambitsa timu yawoyawo pansi penipeni pa maligi. Tauni imene inkafuna timu imodzi yamphamvu idapezeka ndi ziwiri zokanganirana dzina, mpaka mu 2022 pamene mbali ziwirizi zidagwirizana kuti timu ya akatswiri izitchedwa SK Beveren.

Alipo amene adakana njira zonsezi. KV Mechelen, imene idakwezedwa ndi chuma cha John Cordier n'kugwa iye atachoka, idatsala pang'ono kutha mu 2003, koma ochemerera, motsogozedwa ndi muulutsi wa pa kanema Mark Uytterhoeven, adasonkha ndalama, timu idavomera kutsikira m'gawo lachitatu, ndipo nambala 25 idapulumuka. RFC Liège idataya bwalo lake la Rocourt mu 1995, idaphatikizana ndi Tilleur, idayendayenda m'mabwalo obwereka kwa zaka pafupifupi 20, koma nambala 4 idakali nayo. Cercle Brugge yakhala ikugawana bwalo limodzi ndi Club Brugge kuyambira mu 1975 popanda kuphatikizana nayo, ngakhale kuti mnzakeyo ndi wamkulu kutalitali, ndipo ndi ku Cercle kumene Kalusha Bwalya ankasewera pamene adasankhidwa kukhala wosewera wopambana mu Africa mu 1988, komanso kumene Charles Musonda adayambira mpira wa ku Ulaya asadapite ku Anderlecht. Union Saint-Gilloise idatuluka mu ligi yaikulu mu 1973, chaka chimene oyandikana nawo ankapanga RWDM, ndipo idakhala zaka 48 m'magawo apansi osataya bwalo kapena nambala. Idabwerera mu 2021 ndipo idatenga ligi mu 2025, patatha zaka 90 chitengereni yomaliza.

Kunena zoona, Union sidabwerere ndi kupirira kokha, koma ndi ndalama za Tony Bloom, mwini wa Brighton ya ku England, amene adaigula mu 2018. Uwu ndiwo mtundu watsopano wa kulumikiza matimu, umene suphatikiza matimu awiri a tauni imodzi koma umaika timu ya ku Belgium pansi pa timu yaikulu ya dziko lina. Monaco idagula Cercle mu 2017, King Power, eni a Leicester City, adagula OH Leuven chaka chomwecho, ndipo eni a Manchester City adagula Lommel SK, imene idalowa m'malo mwa Lommel yakale ija, mu 2020. Matimu a ku Belgium ndi otsika mtengo, ndipo malamulo a dzikolo savuta kwambiri pa osewera ochokera kunja kwa Ulaya, choncho ndi malo abwino osungirako achinyamata mpaka atakhwima. Eni atsopanowa adapeza kuti mbiri nayo imagulitsa matikiti, ndipo bungwe loyendetsa mpira lidafewetsa lamulo lakale lakuti nambala yofafanizidwa sibwereranso. OH Leuven, imene idapangidwa mu 2002 pophatikiza matimu atatu n'kusunga nambala 6142 chifukwa ndiyo idali ndi malo apamwamba, idatenganso nambala 18 ya Stade Leuven mu 2018, ndipo Beerschot idabwezeredwa nambala 13 mu 2019. Kwa ine kusinthaku kudachepetsa mphamvu ya kaundula ngati mboni ya mbiri, chifukwa nambala imene kale inkatsimikiza kuti timu sidafepo tsopano ingathe kuvalidwa ndi timu imene idabadwira kwina.

Ku Molenbeek, RWDM idagulidwa ndi wamalonda wa ku America, John Textor, amene adalinso ndi magawo mu Botafogo, Lyon ndi Crystal Palace. Timuyi itatsika mu 2024 n'kulephera kubwerera chaka chotsatira, atsogoleri ake adalengeza mu 2025 kuti isintha dzina n'kukhala Daring Brussels, ndi chizindikiro chatsopano, ponena kuti akubwezeretsa dzina lakale la pabwalolo. Ochemerera adachita zionetsero m'misewu, khonsolo ya Molenbeek, imene ndiyo mwini wa bwalo, idaima kumbali yawo, ndipo patangopita milungu yochepa atsogoleriwo adabwerera m'mbuyo, timu n'kutchedwa RWDM Brussels. Anthu amene adaguba tsiku limenelo ankateteza zilembo zinayi zimene zidasokedwa mu 1973 kuchokera ku mayina a matimu atatu, pa timu imene idayamba ndi nambala yogulidwa ku Wetteren.